Chatsika ndi Nkhuku ya Chitengwa

Kalekale, anthu akali kuvala nyanda, kudali mnyamata wina dzina lake Chatsika. Iwe mphwanga, tasiya kaye bawoyo, nkhomozo sizithawa. Ndipo uzivomera kuti tilitonse, sindikuyankhula ndi chitsa ine.

Chatsika adali mwana yekhayo wotsala wa mayi wina wamasiye, a Nachisale. Ana aakazi adabereka ndithu, koma nthomba idadutsa pamudzipo nkuwakokolola onse. Ukudziwa wekha kuti kwathu kuno mayi amakalambira m'manja mwa mwana wamkazi. Wamwamuna ngwa eni ake. Akamera ndevu amanyamula khasu ndi mphasa, ulendo ku ukamwini.

Chatsika naye adakula, naye adapita. Adapeza mbeta kutali, kuseri kwa phiri, kutsidya kwa mtsinje. Adali mkazi wofatsa, dzina lake Nangondo. Ankhoswe a ukwatiwo adali a Gwirize, mbale wa a Nachisale, amene nawo adakwatira m'mudzi woyandikana ndi kwa Nangondo.

Tsiku lonyamuka, a Nachisale adagwira msoti wamawangamawanga nkuuika m'manja mwa mwana wawo.

"Mwanawe, tenga nkhuku iyi. Ukakhalako pang'ono, anthu akakuzolowera, ukaipereke kwa a Gwirize. Iwo akaitule kwa atsibweni ake a mkazi wako, akapemphe chitengwa. Ubwere naye kuno mkaziyo. Ndisafe ndisanamwe madzi otunga mpongozi."

Chitengwa, ngati sudziwa, ndiko kupempha eni mbumba kuti mkazi akakhale kwawo kwa mwamuna. Sikulanda ayi. Nkupempha, ndipo amapempha ndi ankhoswe.

"Ndamva amayi," adatero Chatsika.

"Wamva ndi makutu kapena ndi mtima?"

"Ndamva ndithu amayi."

Adanyamuka, msoti uli m'khwapa.

Tsono usayese kuti Chatsika adali waulesi. Iyayi. Usayese kuti adali chitsiru. Nzeru zinkatuluka m'mutu mwake ngati ngumbi mvula itagwa. Koma adali ndi nthenda imodzi, nthenda yoipa: kuopa mawu akuti ayi.

Adali ndi chizolowezi chake. Nkhani ikamuvuta ankalawirira pa chulu cha kuseri kwa munda, nkutola miyala. Nzeru ikabwera, aike mwala pansi. Nzeru yaikulu, mwala waukulu. Nzeru yaing'ono, kamwala kakang'ono. Akatha ankaiyang'ana yonse nkusankhapo umodzi.

Anthu atamuzolowera, adapita pa chulu paja, msoti uli pambuyo.

"Ndithawe naye mkaziyu?" Adaika mwala. "Ayi, umenewo ndi mlandu."

"Ndiwatenge amayi adzakhale kuno?" Adaika mwala wina.

"Ndiswe mphanje, ndilime munda woti mudzi uno sunauonepo?" Adagubuduza chimwala chachikulu.

"Nditume a Gwirize ndi nkhuku?" Adaika kamwala konga nzama.

Adakayang'ana kamwala kaja, nkuseka. "Nkhuku? Mkazi ngati Nangondo, wotunga, wosinja, wolima, anthu ampereke chifukwa cha nkhuku? Akati ayi ndiye basi, mawu a akulu sabwerera m'kamwa. Ndiyambe ndawakonza mitima, kuti tsiku lopempha adzasowe pokanira."

Adakatola kamwala kaja nkukaponya mu udzu.

Pomwepo msoti uja udaleka kupalasa. Udaweramutsa mutu nkuyamba kuimba:

"Ndinyamule, Chatsika, ndinyamule,
Ndikali wonona, ndinyamule,
Kwanu udzu wamera pakhomo,
Ndinyamule."

"Choka apa iwe," adatero Chatsika. "Za anthu uzidziwira kuti?"

Atabwerera kunyumba adamuuza mkazi wake zonse. Nangondo adamvetsera, nkunena motsitsa.

"Ine kupita sindikana. Koma bwanji osangotuma a Gwirize?"

"Nanga akakana?"

"Akakana tidzadziwa kuti akana."

"Iwe usanene kanthu kwa munthu. Ndikufuna ntchito yanga indiyankhulire."

 Nanga Nangondo akadatani? Mkazi sapita yekha kwa atsibweni ake kukati ndikufuna kuchoka. Angati watopa ndi amayi ake.

Chatsika adaswa mphanje. Adagwetsa mitengo, adatentha, adazula zitsa. Manja adatuluka matuza, matuza adaphulika, pamatuzapo padamera ena. Mvula idagwa, chimanga chidabereka, mapira adaweramira pansi. Nkhokwe idadzaza, adaluka ina, nayo idadzaza.

Apongozi ake aakazi adaimba nthungululu. Atsibweni ake a Nangondo, a Kaliwo, mwini mbumba yonseyo, adazungulira nkhokwe zija akugwedeza mutu.

"Apa tapeza mkamwini, osati enawa ongodziwa kutsata fungo la mowa. Akamwini, thengo lija lili kumusi nalonso tengani."

Chatsika adaomba m'manja kuthokoza, koma mtima udamugwa. Iye ankafuna njira yopita kwawo, anthu adamupatsa thengo lina.

Chilimwe chitafika, mtsinje utaphwa, adapita kukaona amayi ake. Adapeza denga likuonetsa dzuwa. Adapeza a Nachisale akusinzina maso kuti amuone bwino.

"Ndiwe Chatsika? Uli wekha?"

"Ndili ndekha amayi."

"Nkhuku ija wapereka?"

"Ndikukonza kaye, amayi."

Adamweta udzu, adafolera denga. Kenaka adatulutsa nzeru yake ina ija. "Amayi, bwanji tipitire limodzi, mukakhale konko?"

"Ha! Ana anga agona apa. Ndikachoka azilambula pamanda pawo ndani? Ndipo udaona kuti mayi wotsatira mwana ku ukamwini? Ndikadyere mbale ya eni? Iwe kapereke nkhuku."

"Ndamva amayi."

Adabwerera ku ukamwini. Nangondo adachira, mwana wamkazi, adamutcha Siyeni. Chatsika adapitanso pa chulu paja. Nkhuku idamutsatira, tsopano ili thadzi, anapiye ali pambuyo.

"Ndalakwa ine," adatero. "Ndawaonetsa kuti ndine khasu lakuthwa. Nanga munthu amataya khasu lakuthwa? Tsopano ndiye akanitsitsa. Ndiwasiyire chinthu choti chiziwagwirira ntchito ine kulibe."

Adayamba kuika miyala. Awasakire njuchi aziika m'ming'oma? Mwala. Awawetere mbuzi? Mwala. Awakumbire chitsime, poti amayi a mudziwo ankatunga kutali, kumtsinje? Chimwala, chimwala chenicheni, mpaka adachikankha ndi phewa.

Thadzi lija lidaimba:

"Ndinyamule, Chatsika, ndinyamule,
Ndikali kuyenda, ndinyamule,
Kwanu maso akuchita mdima,
Ndinyamule."

Adaligenda ndi dothi, lidathawa likutetera.

Adakumba. Adakumana ndi thanthwe, adasiya. Adakumba pena, dothi lidagumuka, pang'onong'ono limukwirire wamoyo. Adakumba penanso. Anthu ankadutsa nkumuseka, amati mkamwini wapenga, wasanduka mfuko.  Chifuwa chidamugwira, msana udapindika, koma adakumbabe. Tsiku lina khasu lidatuluka ndi matope, ndipo madzi adayamba kubwera.

Mayo ine, chisangalalo chake! Amayi a m'mudzimo adavina, mitsuko ili pamutu. Omuseka aja ndiwo adayamba kumwa. Malowo adawatcha kuti kwa Chatsika, ndipo pamudzi panalibe nkhani imene inkakambidwa popanda kumuitana.

A Gwirize nawo adabwera kudzaona chitsimecho. Atamwa madzi adamukokera Chatsika pambali.

"Mphwanga, kodi palibe mawu oti ndikatule kwa a Kaliwo? Miyendoyi ikali kundinyamula."

Mawu adafika pakhosi pa Chatsika. Adafika ndithu. Koma adaona amayi aja akuvina, nkudziuza kuti anthu okondwa chonchi sangamulole kuchoka.

"Nthawi sinakwane, akulu."

"Chabwino. Mwini nkhani ndiwe."

Chilimwe chidafikanso, adawolokanso mtsinje. Atafika pakhomo pa amayi ake adaima njii. Padali luzi lalitali, lomangidwa pa nsanamira ya khonde, lopita ku nkhokwe. Padali lina lopita kuseri, kuthengo. Ndipo adaona a Nachisale akubwera pang'onopang'ono, dzanja likutsata luzi, maso ali mbee.

"Amayi!"

"Ndi mawu a Chatsika amenewo. Sendera, ndikugwire."

Adamupapasa kumaso, adamupapasa m'mapewa. "Waonda mwanawe. Uli wekha?"

"Ndili ndekha amayi."

"Luzi ili adandimangira a Nambewe apafupiwa. Madzi amanditungira akapeza mpata, nawo ali ndi ana awo. Ndamva uli ndi mwana. Akufanana ndi yani?"

"Ndi inu amayi. Mphuno ndi yanu."

A Nachisale adaseka, kenaka misozi idatsika. "Nkhuku ija wapereka?"

"Ndikukonza kaye, amayi. Kwatsala pang'ono."

"Mwanawe, maso apita. Kwatsala makutu ndi mutu. Fulumira ndikali kudziwa mawu ako."

Chatsika adawatemera nkhuni, adawadzazira mitsuko, nkubwerera. Adalira njira yonse, munthu wamkulu ndi ndevu zake. Adalira pokwera phiri, adalira potsika. Ukadamuona ukadati akangofika agwira nkhuku ija. Inenso ndikadatero. Koma adafikira pa chulu.

Tsiku limenelo nzeru zidabwera zoipa zokhazokha.

"Ndiyambe ulesi, ndizingogona, atope nane andithamangitse?" Adaika mwala. "Ayi. Adzathamangitsa ine ndekha, mkazi ndi mwana nkutsala, poti mwana ngwa mbumba."

"Ndipite kwa sing'anga andipatse mankhwala ofewetsa mitima?" Adaika mwala. "Ayi. Zikamveka adzati ndine mfiti."

"Ndiwasiye onse ndikakhale ndekha ndi amayi?" Adaika mwala, nkukumbuka Siyeni akukwawa pabwalo. Adauchotsa.

Adagwira mutu. Ndiye idabwera nzeru ina, yokongola, yonyezimira.

"Eya! Ndibzale nthochi kumusi kwa chitsime, kumene madzi amatayikira. Nthochi sizifuna mwini, zimabereka zokha. Ndiwamangirenso apongozi nyumba yolimba, yosafuna mkamwini woikonza. Akakhala ndi munda, madzi, nthochi ndi nyumba, adzandifunanso chiyani?"

Thadzi lija lidafika mochedwa, likutsimphina. Lidaimba ndi mawu osasa:

"Ndinyamule, Chatsika, ndinyamule,
Nthenga zikuthothoka, ndinyamule,
Kwanu luzi likufumbwa,
Ndinyamule."

Ulendo uno sadaligende. Adangoyang'ana kumbali ngati sadamve.

Nangondo adamuchonderera. "Bambo a Siyeni, mwalima, mwakumba. Chatsala nchiyani? Tumani a Gwirize. Amayi akuvutika okha."

"Ukuyesa sindikudziwa? Ndine ndidaliona luzi lija, osati iwe. Pempho limatuluka kamodzi. Likalephera ndiye kuti amayi ndawapha ndine."

"Nanga likapanda kutuluka?"

Chatsika adanyamula khasu nkutuluka.

Adakumba maenje, adabzala nthochi mzere wautali. Ali mkati mobzala, a Kaliwo adadutsa, ndodo ili m'manja. Adaima, nkuyang'ana nthawi yaitali.

"Mukubzala nthochi, akamwini?"

"Eya, ndi nthochi."

"Ooo. Chabwino, tamva."

Adapita. Chatsika adakondwa, amvekere mumtima: aona, mtima wawo ukufewa.

Adayamba nyumba ya apongozi. Adadula milimo, adakanda dothi, adamanga, adamata. Chilimwe chimenecho kwa amayi ake sadapite. Ankati ndithe kaye khoma ili. Khoma litatha ankati ndithe kaye denga. Denga litatha ankati nthochi zitulutse kaye mkoko, anthu alawe. Mvula idagwa, mtsinje udadzaza, njira idatsekeka.

Zengerezu adalinda kwawukwawu, mphwanga. Akulu sadaname.

Madzi ataphwera, pamudzipo padafika munthu wosinthanitsa mchere ndi mapira, wochokera kuseri kwa phiri. Adafunsa za Chatsika, adamupeza ku nthochi.

"Ndinu mwana wa a Nachisale? A Nambewe andituma. Akuti luzi lija lidaduka nthawi ya mvula. Amayi anu adasokera, adawapeza kudambo mawa lake, ali m'matope, mvula itawathera pathupi. Moyo ulipo, koma sali bwino. Akuti ngati muli ndi mtima, bwerani."

Khasu lidagwa m'manja mwa Chatsika. Adathamangira pa chulu. Inde, pa chulu pomwe paja! Munthu akazolowera njira, ngakhale nyumba ikupsa amadzera yomweyo.

Adatola mwala, nzeru osabwera. Adatola wina, m'mutu muli gwaa. Ngumbi zija zidali zitatha. Adayang'ana miyala yonse imene adaunjika zaka zimenezo: wa munda, wa chitsime, wa nthochi, wa nyumba. Yonse idali pomwepo, yaikuluikulu, ndipo iye adali pomwe adayambira.

Nkhuku ija idali itagona pamthunzi, nthenga zili nyankhalala.

"Imba," adatero Chatsika. "Lero bwanji suimba?"

"Mawu adanditha," idayankha nkhuku. "Ndidaimba ndili msoti. Ndidaimba ndili ndi anapiye. Lero ndiimbirenji, poti ukudziwa kale?"

Chatsika adagwada mu udzu nkuyamba kufunafuna kamwala kaja adakataya poyamba, konga nzama. Adapalasa apa, adapalasa apo, akulira ngati mwana. Kamwala osaoneka.

Nangondo adamupeza ali chogwada, Siyeni ali kumbuyo.  Adaigwira nkhuku ija, adaimanga miyendo ndi luzi, nkuiika m'manja mwa mwamuna wake.

"Musavutike ndi miyala, bambo a Siyeni. Nkhuku ndi iyi, njira ya kwa a Gwirize ndi iyo."

Adapita. 

A Gwirize adaiyang'ana nkhuku ija, yokalamba, yothothoka, nkupukusa mutu. Adatenga ndodo yawo, onse awiri ulendo. Atafika, a Gwirize adalowa kubwalo kwa a Kaliwo. Chatsika adatsala kuseri kwa mpanda, monga mwa mwambo. Adathyola nzimbe kuti azitafuna podikira, poti ankayesa nkhani itenga tsiku lonse.

Asanathe nkusenda komwe, adamva akumuitana.

Adalowa, adakhala pansi, adaomba m'manja. A Kaliwo adali ataigwira nkhuku ija pamiyendo.

"Akamwini, chitengwa tavomera. Mkazi ndi wanu, mwana ndi uyo, pitani mukasamale amayi anu. Koma ndili ndi funso. Mudachedwa kuti?"

A Kaliwo adapitiriza.

"Ife tidakambirana kalekale ndi mlongo wanga, apongozi anuwa, chaka chomwe mudadzaza nkhokwe. Tidati munthuyu ali ndi mayi wamasiye wopanda mwana wamkazi, akatuma ankhoswe tisamuvute. Tidadikira. Mudakumba chitsime, tidati kapena akufuna atisiyire madzi, akatha atuma. Tidadikira. Ndiye ndidakupezani mukubzala nthochi. Ndidabwera kudzauza mlongo wanga kuti basi, tileke kudikira, mkamwini wakhazikika. Munthu wopita sabzala nthochi."

"Nanga bwanji simudandiuze?" adatero Chatsika.

"Tikuuzeni chiyani? Kuti tengani mkazi muzipita? Mukadati takuthamangitsani. Mwini mbumba sayamba nkhani imeneyi, amayamba ndi mkamwini. Ngakhale mukadabwera ndi dzira, akamwini, tikadalandira."

Ngakhale dzira! Wamva mphwanga? Zaka zonsezo, msana wopindika, manja ong'ambika, ndipo khomo lidali losatseka.

Adamanga katundu tsiku lomwelo. Kutacha adanyamuka, Chatsika patsogolo ndi mtolo, Nangondo pambuyo ndi mtsuko, Siyeni ali kumsana. Anthu adawaperekeza mpaka kumtsinje, akuthokoza za munda, za chitsime, za nthochi. Chatsika sankamva kanthu. Ankangoti tiyeni, tiyeni.

Adakwera phiri, adatsika. Adafika.

A Nachisale adali pakhonde, atatsamira khoma. Adali atatha, mafupa okhaokha. Luzi lidali pansi, lodukaduka.

Chatsika adaponya mtolo nkugwada.

"Amayi, ndabwera! Ndapereka nkhuku ija, avomera. Uyu ndi mpongozi wanu, uyu ndi mdzukulu wanu. Sindichokanso."

A Nachisale adatembenuza mutu, adatchera khutu, nkuomba m'manja mwaulemu.

"Takulandirani alendo. Mwayenda bwanji? Pepani, pakhomo pano palibe wokuyalirani mphasa."

"Amayi, ndine Chatsika!"

"Chatsika kulibe, bambo. Ali ku ukamwini, kuseri kwa phiri. Akukonza kaye."

A Nambewe, amene adabwera atamva phokoso, adanong'oneza kuti chiwapezere kudambo kuja mutu sudabwererenso. Ngakhale iwo ankawatcha mayina a ana aja adamwalira.

Chatsika adagwira manja a amayi ake nkuwaika kumaso kwake. "Ndipapaseni amayi, monga muja mudachitira. Ndine mwana wanu."

A Nachisale adapapasa masaya olowa. Adapapasa mapewa ogwa. Adagwira zikhatho zolimba ngati khungwa, nkuzisiya.

"Ayi bambo, musandiseke ine wakhungu. Mwana wanga ndi mnyamata, wowongoka, wa manja osalala. Inu ndinu munthu wamkulu. Mwavutika kwambiri pamoyo wanu, ndamva m'manjamu."

Nangondo adatenga mtsuko, adapita kukatunga, adabwera ndi madzi m'chikho. Adagwada nkuwamwetsa. A Nachisale adamwa onse, adapuma.

"Zikomo mayi. Madzi okoma. Ndinu mpongozi wa yani?"

Nangondo adalandira chikho chija nkuchiika pansi.

"Ali ndi mwayi mayi ameneyo," adatero a Nachisale. "Inenso wanga akubwera."

Nangondo adamuika Siyeni pamiyendo pawo. A Nachisale adamusisita mutu, adamugwira mphuno, nkumubweza. Adati mtengeni mwana wa eni, angagwe.

Chatsika adakhala. Adafolera denga, adalambula pamanda pa alongo ake, adalima kamunda ka amayi ake. Nangondo adawasambitsa, adawaphikira phala, adawadzoza mafuta. Luzi silidafunikenso, poti padali dzanja lowatsogolera. Zonse zimene a Nachisale adapempha zidafika pakhomo pawo, koma iwo sadadziwe.

M'mawa uliwonse Chatsika akawatulutsa padzuwa, ankamugwira mkono.

"Bambo, ndinu munthu wabwino. Kodi mumayenda kuseri kwa phiri?"

"Ndimayendako amayi."

"Mukakumana ndi Chatsika mukamuuze apereke nkhuku ija. Mukamuuze asaope. Nthawi ikutha."

Poyamba ankalimbana nawo, ankati ndine, ndine. Zinkangowasautsa, ankayamba kulira kuti alendo akuwanyoza. Ndiye adaleka. Adayamba kuyankha zimene iwo ankafuna kumva.

"Ndikamuuza amayi."

Tsiku ndi tsiku, ndikamuuza amayi. Nyengo yokolola idafika, ndikamuuza amayi. Mphepo ya chisanu idayamba kuomba, a Nachisale adaleka kudya, adaleka kudzuka. Tsiku lomaliza, dzuwa lili pamutu, Chatsika adawanyamula mutu nkuuika pamiyendo pake. Milomo yawo inkagwedera. Adaweramira pafupi.

"Sanabwere?"

"Ndili pano amayi."

"Ayi, ndikunena Chatsika." Adapuma pang'ono. "Musakamudzudzule. Ndi mwana wabwino. Akukonza kaye."

Adatsirizika ali pamiyendo pa mwana wawo, akudikira mwana wawo.

Akuti Chatsika sadatolenso mwala moyo wake wonse. Akuti kuseri kwa phiri kuja anthu adamwa madzi ake, adadya nthochi zake, mpaka zidzukulu. Pa nzeru zimene adasankha panalibe yoipa. Munda udali wabwino, chitsime chidali chabwino. Koma panalibe ndi imodzi yomwe imene inkaloza njira ya kwawo. Iye ankasankha poona kukula kwa mwala, ndipo mwala waukulu unkamukomera chifukwa ankabisalako, kuti asakamve mawu akuti ayi.

Tsono iwe mphwanga, usandiyang'ane ngati sukumva. Wakhala pano ukundiwerengera nzeru zako, uchita ichi, ukatha uchite icho. Nzabwino, sindikukana. Koma pali kamodzi kakang'ono kamene umakalumpha nthawi zonse ukamanena, ndakuona. Kameneko ndiko kali ndi nthenga. Kanyamule kakali konona, wokudikirayo akali kudziwa mawu ako.

Ine nthano yanga ndaitula, yathera pomwepo.